Polowera Mpotakasuka, Potulukira Mpothina

Nkhaniyi inayamba ndi bandulo ya usiku. Mukuidziwa inu, ija timadikirira anthu onse agone kuti tidawunilode zinthu zolemera pamtengo wozizira. Ndinkafuna kudzutsa laputopu yanga yakale poiikamo Ubuntu, ndiye ndinagona foni ili pambali, hotspot yoyatsa, fayilo ya magigabaiti angapo ikudontha ngati madzi a pachitsime mu October.

M'mawa fayilo yakwana, koma ikukana kugwira ntchito. Mnzanga wina wodziwako za makompyuta anangofunsa kuti, "Aise, hashi yake unaiona?" Ine duu. Anatsegula tsamba limene ndinatengako fayiloyo n'kundionetsa mzere wa zilembo ndi manambala 64, zosakanikirana ngati mwana wasewera pa kiyibodi. Kenako anauza kompyuta kuti iwerengere mzere wotero kuchokera pa fayilo yangayo. Mizere iwiriyo inasiyana kuyambira pachiyambi penipeni. Netiweki inadukiza penapake usiku, fayilo inafika yolumala. Bandulo yapita, basi.

Za ndalamazo ndinaiwala msanga, koma mzere uja unandikhala m'mutu. Fayilo ya magigabaiti, zilembo 64. Ndinayesa mawu amodzi okha, "moni". Zilembo 64. Ndinayesa fayilo yopanda kanthu mkati, nayonso zilembo 64, zoyamba ndi e3b0c442. Yesani nanunso ndi SHA-256, mupeza zomwezo, kaya muli ku Ndirande kaya ku Tokyo. Chigayo ukathiramo thumba chimakupatsa ufa wa thumba, ukathiramo chitini ufa wa chitini. Makina awa ayi. N'chifukwa chake amawafanizira ndi chidindo cha chala: wamtali ndi wamfupi, chala chimakwana m'kabokosi komweko ka pa fomu. Mukasintha kadontho kamodzi m'fayilo, chidindo chonse chimasintha, ndipo kuchokera pa chidindo simungabwerere kukapeza fayilo.

Ndinatsala ndi mafunso awiri. Kodi ilipo fayilo yaikulu moti makinawa angaikane? Nanga ndani ananena kuti zilembo zikhale 64, osati 16 kapena 1,000? Ndinkayesa kuti funso loyambalo ndilo lalikulu. Nditafufuza mbiri yake, ndinapeza kuti ndewu ya zaka zoposa 40 yakhala ikumenyedwera pa lachiwirilo.

Ganizo lofinya chinthu chachikulu kuti chikhale kanambala silinayambe ndi zachinsinsi. Mu January 1953, Hans Peter Luhn, Mjeremani amene ankagwira ntchito ku IBM ku America, analembera anzake a pakampani njira yopezera zinthu msanga m'kompyuta: tengani nambala yaitali, iphwanyeni mwa masamu kuti patsale yaifupi, yaifupiyo ikhale dzina la ndowa yoikamo chinthucho. Bambo ameneyu anayambira m'mafakitale a nsalu, ndipo ndi yemweyo anapanga masamu amene amaona ngati nambala ya khadi lanu la kubanki mwailemba molondola. Kwa Luhn, zinthu ziwiri kugwera mu ndowa imodzi sinali nkhani. Umangopisa dzanja n'kusankha chimene ukufuna.

Kugwera mu ndowa imodziko n'kosapeweka. Nkhunda 10, zisa 9, chisa china zigona ziwiri. Mafayilo amene angathe kukhalapo ndi ochuluka kuposa zidindo, choncho alipo mafayilo osiyana okhala ndi chidindo chimodzi. Ine ndiziwatchula kuti mapasa. Palibe hashi yopanda mapasa, ngakhale SHA-256 imene. Lonjezo la akatswiri n'lakuti mapasawo alipo ndithu, koma simuwapeza.

Lonjezo limeneli linayamba kufunika m'zaka za m'ma 1970. Mu 1976, Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anafalitsa ganizo la siginecha ya pakompyuta, yoti aliyense angathe kuitsimikiza koma woilemba ndi mwini wake yekha. Masamu ake ndi olemera, ndiye m'malo mosainira kalata yonse, kunali kwanzeru kusainira chidindo chake chokha. Apa ndiye mapasa anasanduka zoopsa. Ngati makalata awiri ali ndi chidindo chimodzi, mukasainira imodzi mwasainiranso inzake, ngakhale simunaione n'komwe.

Mu 1978, Michael Rabin anapereka njira yopangira chidindo cha mabiti 64. Biti ndi kanjere kochepetsetsa ka uthenga m'kompyuta, 0 kapena 1, ndipo chilembo chilichonse cha mzere uja chimaimira mabiti 4. Mabiti 64 amapereka zidindo zokwana 2^64, kutanthauza ma 2 okwana 64 ochulukitsidwa pamodzi. Mukailemba yonse ndi 18,446,744,073,709,551,616. Isungeni nambala imeneyi, tikumana nayonso kangapo. Pa makompyuta a nthawi imeneyo inkaoneka ngati phiri loti palibe angalikwere.

Patangotha chaka, Gideon Yuval analemba nkhani ya mutu wachipongwe, "How to Swindle Rabin", kunena kwake mmene ungamupusitsire Rabin. Chida chake chinali masamu a tsiku lobadwa. Taganizani bwalo la mpira: osewera 22, kuphatikizapo woimbira, 23. Mwayi woti awiri mwa anthu amenewa anabadwa tsiku limodzi la mwezi umodzi umaposa theka pang'ono. Poyamba ndinakana, chaka chili ndi masiku 365 chonsecho. Koma sitikufuna munthu wofanana ndi iweyo. Tikufuna awiri aliwonse, ndipo anthu 23 mungawaike awiriawiri m'njira 253.

Tsono onani mmene wakuba angachitire. Akulemba makalata awiri. Yoyamba ikuti mwabwereka K50,000 ndipo mubweza mukakolola. Yachiwiri ikuti mwamugulitsa munda. M'kalata iliyonse akusankha malo 32 amene angasinthe popanda kusintha tanthauzo: apa "ndidzabweza" kapena "ndidzapereka", apo koma kapena ayi, apo mpata umodzi kapena iwiri. Malo 32, paliponse njira ziwiri, zikupereka makalata 4,294,967,296 a mtundu uliwonse. Akawerengera zidindo za milu iwiriyo, mwayi ndi waukulu woti kalata ina ya ngongole ifanana chidindo ndi kalata ina ya munda. Inu musainira ya ngongole, iye kukhoti apita ndi ya munda, siginecha yanu ili pompo.

Ntchito yake sinali 2^64 ayi. Inali cha m'ma 2^32, mabiliyoni anayi okha. Kuchokera pamenepo lamulo linakhazikika: pa nkhani ya mapasa, mphamvu ya chidindo ndi theka la mabiti ake. Mabiti 128 amakutetezani ngati 64. Mabiti 160, ngati 80. Mabiti 256, ngati 128. Zilembo 64 zimene ndinaona m'mawa uja ndi mabiti 256, ndipo zinatalika choncho chifukwa theka lake linadyedwa kale mu 1979.

Tsopano tibwerere polowera. Makina aang'ono amameza bwanji fayilo yaikulu? Yankho limene linalamulira kwa zaka zambiri limatchedwa ndi mayina a anthu awiri: Ralph Merkle wa ku America, amene analilemba m'kafukufuku wake wa digiri ya udokotala ku Stanford mu 1979, ndi Ivan Damgård wa ku Denmark, amene analitsimikiza mwa masamu payekha mu 1989. Fayilo imadulidwa m'zidutswa zofanana, nthawi zambiri za mabiti 512. Chidutswa choyamba chimatakasidwa ndi manambala oyambira. Zimene zatuluka zimatakasidwa ndi chachiwiri, zotsatira zake ndi chachitatu, mpaka kumapeto. Chotsala mumphika chidutswa chomaliza chikatha, ndicho chidindo. Mphika sukula, n'chifukwa chake chidindo sichikula.

Chidutswa chomaliza ndiye pali nkhani. Kawirikawiri sichidzaza, ndiye amaikamo 1 mmodzi, kenako ma 0 odzazira, ndipo kumapeto kwenikweni amasiya kabokosi kolembamo kutalika kwa uthenga wonse. Kabokosi kameneka si kokongoletsa. Ndi kamene kamathandiza kutsimikiza kuti munthu sangapeze mapasa a uthenga wonse popanda kuthyola kamakina kotakasira kaja. Koma kabokosi kalikonse kali ndi malire, ngati malo olembapo zaka zakubadwa pa fomu. Okonza anakapatsa mabiti 64. Malire a polowera anabadwira pomwepo. Palibe lamulo lachilengedwe limene linawaika, ndi mmisiri chabe anasankha kukula kwa kabokosi.

Mabanja awiri anachita nako mosiyana. Ronald Rivest wa ku MIT anapanga MD4 mu 1990 ndi MD5 mu 1991, zonse zotulutsa mabiti 128. M'chikalata chofotokoza MD5 cha mu April 1992, ananena kuti uthenga ukadzatalika kuposa 2^64, zimene sankayembekezera, mungolemba mabiti 64 a kumunsi a nambalayo. Zili ngati kawerengero ka makilomita m'minibasi yakale: kakadzaza kamabwerera pa 0, ulendo n'kumapitirira. Choncho MD5 ilibe malire polowera. Boma la America linali lokhwima. Bungwe lake loona za miyezo la NIST linatulutsa SHA mu 1993, yopangidwa ndi bungwe la akazitape la NSA. Posakhalitsa anaibweza, n'kuwonjezera kakusintha kamodzi kozunguliza biti imodzi, osafotokoza chifukwa, ndipo mu 1995 inatuluka SHA-1 ya mabiti 160. Lamulo lake linali lomveka: uthenga uchepere mabiti 2^64. SHA-256, ya m'banja la SHA-2 limene linavomerezedwa mu 2002, ili ndi malire omwewo.

Ndiye ilipodi fayilo imene SHA-256 ingaikane. Ndinatenga kakyuleta kuti ndione kukula kwake. Mabiti 2^64 ndi matelabaiti pafupifupi 2.3 miliyoni. Mafoni a magigabaiti 64, odzaza tho, angafunike pafupifupi 36 miliyoni kuti asunge fayilo imodzi imeneyo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi muno, ndiye aliyense, ndi khanda lomwe, agwire mafoni awiri, n'kutsalabe pang'ono. Komanso zidutswa zija zimatakasidwa motsatana, chachiwiri chimadikira choyamba, simungagawire anzanu ntchito. Kompyuta yomeza gigabaiti imodzi pa sekondi ingatenge zaka 73. Muyambe muli ku yunivesite, chidindo akalandire adzukulu.

SHA-512 inakulitsanso kabokosiko kufika mabiti 128, malire ake n'kukhala nambala ya madijiti 39. Pamenepo ndinangoseka n'kuzimitsa kakyuleta.

Pali malire ena a polowera amene analumadi anthu, koma anali aang'ono mochititsa manyazi, ndipo anali m'banja la achibale a hashi amene amasunga mapasiwedi. Njira yakale ya Unix, imene Robert Morris ndi Ken Thompson a ku Bell Labs anaifotokoza mu 1979, inkawerenga zilembo 8 zoyambirira zokha. Munthu woika pasiwedi yoti "chimangachokazinga" ankagona mtima uli m'malo, chonsecho wolemba "chimanga" ankalowa. Njira yakale ya Windows yotchedwa LM inkalandira zilembo 14, kuzisandutsa zonse zazikulu, kenako kuzidula pawiri, 7 uku 7 uku, wakuba n'kumathyola kachidutswa kalikonse pakokha. Ngakhale bcrypt ya mu 1999, imene ikugwirabe ntchito pa mawebusayiti ambiri, imathera pa mabaiti 72. Choipa cha malire otere n'chakuti nthawi zambiri makina sankakuuza. Ankangodula mchira mwakachetechete.

Koma ndewu yeniyeni inali potulukira. MD5 ili ndi mabiti 128, theka lake 64. Nayo nambala yathu ija yabweranso: kuti upeze mapasa a MD5 mwa mphamvu chabe, unkafunika kuyesa cha m'ma 2^64. M'zaka za m'ma 1990 zimenezo zinkaoneka zokwanira. Chimene ambiri ankaiwala n'chakuti nambala imeneyi ndi denga. Imakuuza pamene mphamvu ya hashi singapitirire, koma sikulonjeza kuti khoma lilibe mng'alu. Mu 1996, Hans Dobbertin wa ku Germany anathyola MD4 ndipo anaonetsa mng'alu m'kamakina kotakasira ka MD5. Akatswiri anachenjeza. Dziko linapitiriza kugwiritsa ntchito MD5, poti chinthu chikamagwirabe ntchito ndani amafuna kuchichotsa.

Mu August 2004, ku Santa Barbara ku California kunali msonkhano wa pachaka wa akatswiri a zachinsinsi wotchedwa CRYPTO. Msonkhanowu uli ndi madzulo ena amene anthu amapatsidwa mphindi zochepa kuti alengeze zatsopano, ena amangoseketsa anzawo. Madzulo amenewo anaimirira mayi wina wa masamu wochokera ku yunivesite ya Shandong ku China, Wang Xiaoyun, amene ambiri m'chipindamo sankamudziwa. Iye ndi anzake, Feng Dengguo, Lai Xuejia ndi Yu Hongbo, anabwera ndi mapasa enieni a MD5, komanso a MD4, RIPEMD ndi HAVAL-128. Sanabwere ndi malonjezo, anabwera ndi mauthenga awiri oti aliyense akayese yekha pa kompyuta yake. Anthu anawomba m'manja.

Chimene chimandigwira mtima ndi njira yake. Wang sanakwere phiri la 2^64. Anatsata mmene kusiyana kwa mabiti ochepa kumayendera m'kati mwa makinawo, sitepe ndi sitepe, n'kupeza kanjira koti kusiyanako kudzifafanize kokha kasanafike potulukira. Kanjira kameneko kanalukidwa ndi mutu wa munthu. Kompyuta yaikulu ya IBM inangomalizitsa, ntchito ya pafupifupi ola limodzi. Lero laputopu wamba imapeza mapasa a MD5 m'masekondi.

Mu February 2005, Wang, Yiqun Lisa Yin ndi Yu Hongbo analengeza kuti SHA-1 nayo ili ndi mng'alu: ntchito ya 2^69 m'malo mwa 2^80. Pofika August chaka chomwecho nambalayo inatsika kufika 2^63. Koma Wang sanapezeke ku Santa Barbara kuti alengeze yekha, chifukwa viza ya ku America sinatuluke pa nthawi yake. Anamulankhulira ndi Adi Shamir, S wa mu RSA uja. Amene munayamba mwadikirapo viza mukuimva bwino nkhani imeneyi. Munthu wagwedeza muyezo wa boma lonse la America, koma pepala lolowera m'dzikomo likuchedwa.

Ena ankanenabe kuti mapasa a Wang ndi zinyalala za mabiti zopanda tanthauzo, sangabe nazo munthu. Yankho linabwera mu December 2008 ku Berlin. Gulu la ofufuza, mwa iwo Alexander Sotirov, Marc Stevens ndi Arjen Lenstra, linalumikiza ma PlayStation 3 okwana 200 ku Lausanne ku Switzerland. Inde, magemu. Anapanga ziphaso ziwiri zapasa, china chosalakwa, china chopatsa mwini wake mphamvu yotsimikiza webusayiti iliyonse kuti ndi yeniyeni. Chosalakwacho anakasainitsa ku kampani ina imene inkagwiritsabe ntchito MD5, siginecha n'kuisamutsira pa chinacho. Ndi nkhani ija ya ngongole ndi munda, yachitikadi. Kaloko kaja mumakaona pa adilesi ya banki kakanatha kuoneka pa tsamba la akuba. Iwo anachipatsa dala masiku a chaka cha 2004 kuti chibadwe chitatha kale ntchito.

Ena analibe ulemu wotero. Mu 2012 kunapezeka pulogalamu yaukazitape yotchedwa Flame m'makompyuta a ku Iran ndi maiko ena a ku Middle East. Inkadzionetsa ngati yochokera ku Microsoft, ndi chiphaso chopangidwa ndi mapasa a MD5. Stevens atachiunika anapeza kuti njira imene anagwiritsa ntchito inali isanafalitsidwepo kulikonse. Wina wake, kwinakwake, anali ndi akatswiri akeake a masamu.

SHA-1 inapirira mpaka pa 23 February 2017. Tsiku limenelo ofufuza a ku CWI ku Amsterdam, motsogozedwa ndi Stevens yemwe uja, pamodzi ndi a Google, anatulutsa mafayilo awiri a PDF ooneka mosiyana koma a chidindo chimodzi cha SHA-1. Ntchitoyo anaitcha SHAttered. Ikanakhala ya purosesa imodzi ikanatenga zaka 6,500, kuphatikizapo zaka 110 za khadi limodzi la magirafiki. Anawerengera SHA-1 maulendo okwana 9,223,372,036,854,775,808.

Iyang'aneni bwino nambalayo. Ndi 2^63, theka lenileni la nambala yathu ija. Pa khomo lolowera la SHA-1 panalembedwa 2^64, ndipo palibe amene ankada nkhawa kuti adzafikapo ndi fayilo. Koma kuseri, potulukira, anthu anawerenga mpaka theka la nambala yomweyo n'kugwetsa nyumba. Kusiyana kwake n'kwakuti fayilo yaitali imamezedwa ndi pakamwa pamodzi, pomwe kusaka mapasa mungagawane makompyuta zikwizikwi, aliyense ndi chigawo chake ngati ganyu ya m'munda.

Posakhalitsa, wina mwa okonza WebKit, injini ya Safari, anaika ma PDF awiriwo m'nkhokwe yawo ya mapulogalamu pofuna kuyesa. Nkhokweyo inkazindikira mafayilo ndi SHA-1. Inasokonezeka mpaka kukana kulandira ntchito zatsopano.

Mwamwayi a NIST sanadikire zonsezi. Mantha a 2004 ndi 2005 anali akuti SHA-2 inamangidwa pa maziko omwewo a Merkle ndi Damgård, ndiye mwina nayo igwa. Mamangidwewo alinso ndi chilema china: poti chidindo ndi chimene chatsala mumphika, wochiona akhoza kupitiriza kutakasa kuchokera pamenepo, n'kuwonjezera mawu ake kumapeto kwa uthenga umene sanauone wonse. Mu 2009, Thai Duong ndi Juliano Rizzo anaonetsa kuti chinyengo chimenechi chinkatheka pa Flickr. Choncho mu November 2007 a NIST anali atalengeza kale mpikisano wa poyera. Panalowa njira 64, zinatsala 5, ndipo pa 2 October 2012 inapambana Keccak, ya Guido Bertoni, Joan Daemen, Michaël Peeters ndi Gilles Van Assche, a ku Italy ndi ku Belgium. Mu August 2015 inakhala SHA-3.

Eni ake amaifanizira ndi chinkhupule. Chili ndi mabiti 1,600 mkati. Chimayamwa uthenga pang'onopang'ono, kenako mumachifinya. Mbali ina ya mkatimo siikhudzana ndi kunja, polowa ngakhale potuluka, ndipo mphamvu yake yagona pamenepo. Kabokosi kolemba kutalika kaja kulibe, ndiye malire a polowera anangosowa. M'banja lomwelo muli SHAKE128 ndi SHAKE256, zimene mungafinye mpaka mutatopa: mabiti 100, mabiti 10,000, zili kwa inu. Kungoti kufinya kwambiri sikuwonjezera mphamvu. SHAKE128 singapose 128 ngakhale chidindo chitadzaza buku.

Za mbali yobisikayo kunabuka mkangano mu 2013. A NIST anaganiza zoichepetsa kuti SHA-3 izithamanga. Mwa masamu ganizolo linali ndi mfundo zake, ndipo eni Keccak sanalione ngati loopsa. Koma chinali chaka chimene Edward Snowden anaulula zikalata za NSA, ndipo panali pomveka kuti bungwelo linalowetsa dzanja mu muyezo wina wa NIST wopangira manambala a mwamwayi. Ndani akanavomera kuti wopambana mpikisano wa poyera akasinthidwe kuchipinda? Anthu anakana, a NIST anabwerera pa manambala a mumpikisano. Ine ndimaona kuti anachita bwino, ngakhale SHA-3 inatsala yochedwerapo. Chodabwitsa n'chakuti SHA-256 imene ankaiopera ija sinagwe mpaka lero. Ndi imene Bitcoin imayendera, ndi imenenso ili pa ziphaso za mawebusayiti ambiri amene mumatsegula. SHA-1 anaiikira tsiku: a NIST akuti pofika 31 December 2030 ikhale itachoka.

Mdani wotsala wa chidindo chachitali ndi maso athu. Linus Torvalds anapanga Git mu April 2005, patangotha miyezi iwiri Wang atalengeza za SHA-1, ndipo anasankha SHA-1 yomweyo kuti izitchula ntchito iliyonse yosungidwa. Zilembo zake ndi 40, koma anthu sakonda kulemba 40, ndiye Git inkaonetsa 7 zoyambirira. Nkhokwe ya Linux itakula, zilembo 7 zinayamba kugundana, ndipo okonza Linux anasamukira pa 12. Ogwiritsa ntchito PGP, pulogalamu yosainira makalata, ankatchula makiyi awo ndi zilembo 8 zomalizira, mabiti 32 okha. Mu 2014 ofufuza anaonetsa kuti kupanga kiyi yabodza yokhala ndi zilembo 8 zomwezo kumatenga masekondi ochepa, ndipo mu 2016 makiyi abodza a dzina la Torvalds mwini anapezeka pa intaneti. Akatswiri akumenyera biti iliyonse kwa zaka, ife n'kudula zitatu mwa zinayi chifukwa cha ulesi wa chala.

Muli nacho chidindo chotere m'thumba mwanu. Tsegulani WhatsApp, dinani dzina la mnzanu, pitani pamene palembedwa za encryption. Mupeza manambala 60, 30 ochokera ku kiyi yanu, 30 ku kiyi ya mnzanuyo. Amapangidwa potakasa kiyi ndi SHA-512 maulendo 5,200 kenako n'kudula. Akafanana pa mafoni awiriwo, palibe wakhala pakati panu. Ndinafunsa anzanga a pagulu lathu la mpira kuti ndani anayamba wafananitsapo. Palibe. Mmodzi anati ankayesa ndi nambala ya dandaulo.

Sindingawaseke. Usiku wotsatira ndinagulanso bandulo, Ubuntu inatsika yonse, ndipo m'mawa ndinawerengera hashi ndekha, monyadira. Ndinayang'ana zilembo zinayi zoyamba, zinayi zomaliza, zikufanana, n'kunena kuti zatheka. Mnzanga uja ataima kumbuyo kwanga anawerenga ndi zala. "Zilembo 8, aise. Mabiti 32. Enawo 224 wasiyira ndani?" Anakoka mpando, n'kundionetsa lamulo limodzi louza kompyuta kuti ifananitse yokha mizere yonse iwiri. Inayankha ndi mawu amodzi, OK, ndipo tinapita kukagula mandasi laputopu ikudzuka.